Chaka Chimene a Zuleta Anakana Kubweza Kiyi

Budapest, 11 Epulo 1944

Andor mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino ku Zurich kumeneko, ndiponso kuti chifuwa chija chinakusiya. Ife kuno tilipo. Sindiwonjezera zambiri pa mawu amenewo, pakuti makalata a masiku ano amawerengedwa ndi maso ambiri asanakufike, ndipo eni masowo ndikuwapatsanso moni.

Kuyambira Lachitatu lapitali Ayuda tonse atilamula kuvala nyenyezi yachikasu pachifuwa. Bambo anafuna kuti yawo ndiisokere pafupi ndi mendulo yawo ya nkhondo yoyamba ija, akuti Majeremani akaiona achite manyazi. Ndinawasokera. Ndatopa kukangana ndi munthu wa zaka 74.

Pasaka tili nayo mkati. Poti ndikumva kuti masiku ano umadya chilichonse chimene chagwera m'mbale, ndikukumbutse zakwanu. Masiku asanu ndi atatu awa Myuda sakhala ndi buledi kapena chotupitsa, ngakhale nyenyeswa, ndipo wophika buledi ngati bambo sangataye matumba a ufa mumtsinje. Ndiye amagulitsa zonse kwa munthu amene si Myuda, chikondwerero chikatha n'kuwombolanso. Kwa zaka 19 wogula wathu ndi a Zuleta, mnzawo wa bambo wa ku ofesi ya kazembe uja, amene unkawabera maswiti m'thumba la jekete. Amapereka kandalama ka pengo imodzi, amatenga kiyi wa chipinda chophikira, amagwirana chanza, basi.

Chaka chino anabwera ndi pepala lawolawo, masamba atatu olembedwa pa makina. Bambo anawerenga mzere woyamba wokha n'kusaina, uku akuwaseka kuti ukalamba wawachititsa kukonda mapepala. Ine ndinawerenga lonse nditaima kumbuyo kwawo. Simuli ufa wokha, Andor. Muli uvuni, sitolo, nyumba yonse mpaka zipinda zathu zapamwamba. Anadindapo chidindo cha dziko lawo, ndipo masana omwewo anthu awiri anadzakhoma chikwangwani chachitsulo pakhomo, chonena kuti nyumbayi ndi ya ofesi ya kazembe. Nditafunsa, a Zuleta anangoti, "Mwana wanga, chaka chino nyenyeswa zili paliponse."

Mgonero wa Pasaka anadya nafe monga kale. Popeza m'nyumba muno mulibenso mwana wofunsa mafunso a mwambo aja, bambo anati, "Zuleta, pano wosadziwa kanthu ndiwe, ndiye mwana wathu ndiwe. Imirira ufunse." Nkhalamba ya imvi ija inaimiriradi n'kufunsa chifukwa chake usiku uno uli wosiyana ndi mausiku ena, mizu yowawa timadya pamgonero ija ikuitulutsa misozi. Tinaseka kwa nthawi yoyamba mwezi uno. Itakwana nthawi yotsegulira mneneri Eliya chitseko, ndinangotsegula pang'ono n'kutseka msanga.

Ngati ungathe, tumiza mankhwala a mtima aja. Atsala a masabata atatu.

Mlongo wako,
Aranka

Budapest, 18 Epulo 1944

Mwana wanga Andor,

Mtendere ukhale nawe. Ndalemba ndekha, chifukwa mlongo wako akalemba amathiramo shuga.

Ndaberedwa. Loweruka chikondwerero chitatha ndinavala jekete n'kukhala pansi kudikira Zuleta, pengo yake ili patebulo, botolo la vinyo lili pambali, monga zaka zonse. Sanabwere. Dzulo ndinapita ndekha ku ofesi kwake. Anandiimika pakhomo ngati wopemphetsa, wapolisi wolondera akumvetsera. Ndinati, "Zuleta, ndabwera kudzawombola zanga, tenga ndalama yako." Iye osandiyang'ana n'komwe anati, "Bambo Berkovits, ndinagula ndipo sindigulitsa. Ngati mukufuna, pitirizani kuphika monga wantchito wanga."

Wantchito wake, ine. Munthu amene wadya patebulo panga zaka 19, amene ananyamula nawo bokosi la mayi ako, lero akunditchula dzina la bambo anga ngati sitidziwana.

Ndinapita kwa rabi, mtsogoleri wathu wa chipembedzo. Akuti malonda a Pasaka ndi malonda enieni, akapanda kutero ndiye kuti zaka zonsezi tinkanamiza Mulungu, ndipo wogula akakana kubweza palibe mlandu. Zimenezo ndinazidziwa iye asanamere ndevu. Koma ndi liti unamva kuti wogula wakana? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Waona kuti Myuda alibenso koti n'kukadandaula, ndiye wati nanenso ndidyepo.

Uvuni umenewu anamanga ndi agogo ako, njerwa ndi njerwa. Iwe uli kudziko kumene malamulo akadali moyo, ndipo akuluakulu a Zuleta ali ndi ofesi ku Bern, pafupi nawe pomwepo. Ndiona ngati ndili ndi mwana wamwamuna.

Bambo ako,
Ármin Berkovits

Budapest, 30 Epulo 1944

Andor,

Moni wa kuno. Mankhwala sanafike, kalata yako sitinaionenso.

Ndamva kuti bambo anakulembera. Ndikukupempha, werenga kalata yawo, uipinde, uiike m'dirowa. Usapite kulikonse, usalembere aliyense. Nkhani ya a Zuleta uisiye momwe ilili.

Ukukumbukira mmene mayi ankabisira shuga chaka chimene dokotala anawaletsa bambo? Ankati watha, bambo n'kumalalata sabata yonse kuti m'nyumba muno muli wakuba, mayi ali chete akusenda mbatata. Ndakhala ndikuwaganizira mayi masiku ano. Nawe uwaganizire.

Buledi tikuphikabe. Bambo amakanda ufa ngati akumenya munthu, ndipo buledi akutuluka wabwino kuposa kale. A Zuleta akabwera kudzaona nyumba yawo, bambo amalavula pansi n'kukwera kumwamba. Ine ndimawathirira khofi wopanda khofi amene tikumwa masiku ano, amamwa, kenaka amapita.

Ndatopa, Andor. Chonde undimvere kamodzi kokha m'moyo wako.

Aranka

Zurich, 16 Meyi 1944

Achemwali,

Ndalandira makalata onse atatu tsiku limodzi, otsegulidwa n'kumatidwanso. Ine ndili bwino, chifuwa chinatha. Mankhwala ndinatumiza kudzera kwa munthu wa kubanki, afika.

Kalata ya bambo sinandigonetse. Yanu ndaiwerenga katatu, ndipo ndakumvetsani kuposa mmene mukuganizira. Mukuopa. Chiyambire muli choncho, munthu akangovala tayi inu mumagonja. Mukuti ndiganizire mayi amene ankangokhala chete wina akulalata. Mayi anakhala chete moyo wawo wonse, nanga anapindulanji? Ndipo mukumuthirira khofi wakubayo m'nyumba yomwe watibera. Ndikudziwa kuti simukanatha kulemba zonse, mwina wakuopsezani. Musadandaule, ine sangandiopseze, ndili kutali ndi dzanja lake.

Lachisanu ndinakwera sitima kupita ku Bern. Ndinapereka dandaulo kwa kazembe wamkulu wa dziko lawo, masamba anayi, pamodzi ndi kalata ya bambo yomasuliridwa bwinobwino. Bwanayo atawerenga kuti wantchito wa boma lake wagula nyumba yonse ya Myuda ndi pengo imodzi, nkhope inasintha. Anandigwira dzanja n'kunena kuti dziko lawo ndi laling'ono koma lili ndi ulemu, ndipo lakhala bwenzi la Ayuda kuyambira kale. Walonjeza kuti nkhaniyi ifika kwa nduna.

Muwauze bambo kuti mwana wamwamuna ali naye. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala kuno ndikudya bwino, ndikuchita manyazi ndi mbale iliyonse. Lero ndiye ndachitako kanthu.

Mlongo wanu,
Andor

Budapest, 8 Juni 1944

Andor,

Kalata iyi sidutsa kupositi. Yanyamulidwa ndi namwino wina wobwerera kwanuko, choncho ndilemba zonse poyera, ngakhale ndikuona kuti ndachedwa. Yako inafika dzana. Nditaiwerenga ndinakhala pa thumba la ufa mpaka miyendo inachita dzanzi.

Shuga uja mayi sankaba, Andor. Ankamubisa kuti bambo asafe. Ndinkayesa kuti mwana wophunzira ngati iwe amva.

Patatha sabata chiwakanireni bambo, a Zuleta anandiitanira kuseri kwa nyumba kumene timaunjika nkhuni. Anati, "Aranka, masitolo onse a Ayuda alandidwa posachedwa, kenaka nyumba, kenaka anthu. Nyumba ya kazembe salowamo. Koma bambo ako satha kunama. Wapolisi akawafunsa adzati, aa, ndi mwambo chabe, nyumba ndi yanga. Asiye andide. Chidani chawocho ndiye chidindo chenicheni." Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu.

Ndipo zinachitikadi momwemo. Pa 22 Meyi kunabwera apolisi atatu ndi mndandanda wawo kudzatseka sitolo. Anaona chikwangwani, anakayika, anaitana bambo. Wamkulu wawo anati, "Mdala, tiuze zoona, nyumbayi ndi ya ndani? Si zija mumachita Ayuda, zogulitsana mwachiphamaso?" Bambo anafiira mpaka m'makutu. Anati, "Chiphamaso chanji? Galu uja wandibera ndithu, pengo imodzi. Ndinapita kukawombola anandithamangitsa ngati nkhuku, mufunseni mnzanu wolondera kumeneko. Mumangeni, ndikhala mboni ndine." Apolisi aja anaseka mpaka wina anatsamira khoma. Wamkuluyo anati, "Ndiye wakulanda kale ife tisanafike, munthu wanzeru ameneyo." Anatenga mabuledi awiri n'kumapita.

Kumidzi anthu athu akuwalonga m'sitima za ng'ombe, ndipo palibe amene walembako kalata. Kwathu kuno, pakati pa matumba a ufa, pakugona anthu khumi ndi anayi, onse ali ndi mapepala a a Zuleta onena kuti ndi antchito a nyumba ya buledi ya kazembe. Mmodzi ndi mphunzitsi wako wa masamu uja, wina ndi mayi woyembekezera. Bambo amayesa kuti a Zuleta akuwagwiritsa ntchito yaulere, ndiye amawapatsa buledi wambiri kuti amukhaulitse wakubayo.

Zonsezi zapachikika pa misomali inayi ya chikwangwani chija. Ndipo a Zuleta sanapemphe chilolezo kwa akuluakulu awo, ankadziwa kuti sangawalole.

Bwerera ku Bern. Ukagwade, ukalire, ukanene kuti unapenga. Ukachotse pepala lakolo.

Aranka

Zurich, 27 Juni 1944

Achemwali,

Sindikudziwa poyambira. Moni ndilibe.

Ndinapita tsiku lomwe namwino anandipatsa kalata. Ndapitako kanayi. Akuti dandaulo linatumizidwa kale kwawo, lili patebulo la nduna, ndipo kalata ya bambo ili pamwamba ndi siginecha yawo. Ndinati ndinalakwitsa, bambo anga ndi nkhalamba yosokonezeka mutu. Bwana uja anandiyang'ana mwachifundo n'kunena kuti, "Tikudziwa mmene anthu otere amaopsezera mabanja. Musaope, tikutetezani." Mawu anga omwe amene ndinakulemberani inu.

Ndinatsala pang'ono kumuuza zoona. Koma ndikanena kuti a Zuleta akubisa anthu khumi ndi anayi ndi chidindo cha boma popanda chilolezo, ndiye kuti ndawapachika kawiri, ndipo chikwangwani chichoka mawa lomwe. Ndikakhala chete a Zuleta ndi wakuba, ndikayankhula ndi wophwanya lamulo. Ndinatuluka n'kukhala pa benchi ya pasiteshoni mpaka sitima ziwiri zinandisiya.

Mwina maofesi achedwa monga mwa chizolowezi chawo. Sindinapempherepo kuti kalaliki akhale waulesi, koma tsopano ndikupemphera. Muwauze a Zuleta kuti, kaya, sindikudziwa choti muwauze. Kodi mudzandikhululukira?

Andor

Budapest, 3 Sepitembala 1944

Andor,

Tilipo. Maofesi anachedwadi, anatipatsa miyezi iwiri ndi theka, ndipo mayi woyembekezera uja anachira mwana wamkazi pakati pa matumba a ufa. Koma Lachiwiri lapitali lamya inafika. A Zuleta achotsedwa ntchito, achoke m'dziko muno pasanathe masiku atatu, ndipo boma lawo likuti nyumbayi silikuidziwa.

Anadzachotsa okha chikwangwani, akuti kuli bwino manja awo kusiyana ndi a wina. Bambo anaima pakhomo manja ali m'chiuno. Anati, "Waona? Mulungu sagona. Mwana wanga wakugwetsa." A Zuleta anangoti, "Eya, Ármin, wandigwetsa," n'kupitiriza kuzula msomali. Pamenepo ine lumbiro linandithera. Ndinawakokera bambo kuchipinda chophikira n'kuwauza zonse, anthu khumi ndi anayi aja akumva.

Bambo anatembenukira kwa anthu aja. Anayang'ana mmodzimmodzi ngati akuwawerenga, kenaka anavula jekete n'kuyamba kukanda ufa. Anaphika buledi mmodzi yekha, wolukidwa uja wa Sabata, ngakhale linali Lachinayi. Anatuluka naye akadali wotentha n'kuwapatsa a Zuleta.

A Zuleta anatulutsa kiyi. Anati, "Tenga zako, wandivutitsa nazo mokwanira." Bambo anabweza dzanja lawo. Anati, "Chitsiru iwe, ndikawombola lero mawa alanda. Sunga. Ndidzawombola Pasaka ikubwerayi ikatha, ndipo udzabwere ndi vinyo wako, wanga unandimwera zaka 19." A Zuleta anati, "Vinyo wako ndi viniga, Ármin, ndinkangomwa mwaulemu." Anagwirana chanza nthawi yaitali. Sindinawaonepo bambo akulira chimwalirireni mayi, ndipo tsiku limenelo sanalirenso, koma usiku sanadye.

Mawa tikusamukira ku imodzi mwa nyumba zounjikamo Ayuda, za nyenyezi pakhomo, chipinda chimodzi mabanja atatu. Anthu aja abalalika, aliyense kumene angakwane. Usatumizenso kanthu ku adiresi yakale.

Aranka

Zurich, 12 Disembala 1944

Achemwali,

Iyi ndi kalata yachisanu chilandirireni yanu ya Sepitembala. Sindikudziwa ngati zikufika. Wailesi ikuti mzinda wanuwo watsala pang'ono kuzingidwa.

A Zuleta ali kuno. Sanapite kwawo, akuti kumeneko kukuwadikira khoti ndi manyuzipepala. Akukhala m'kachipinda pamwamba pa sitolo ya nsapato, akuphunzitsa ana a anthu chinenero chawo. Ndinazungulira nyumbayo masiku atatu ndisanagogode. Anatsegula, anandiyang'ana, anati, "Wakula, wakuba maswiti. Lowa, kukuzizira." Za dandaulo sanatchule. Ndikanakonda akanandimenya.

Dzana tinayatsa limodzi kandulo yoyamba ya chikondwerero chathu cha Hanuka pawindo pawo. Dalitso ndinaliiwala pakati, anandikumbutsa ndi iwo. Kiyi anamupachika pa msomali pamwamba pa bedi. Ndinawapempha kuti andipatse ndisunge, anakana. Akuti anagula kwa Ármin, adzagulitsa kwa Ármin.

Lembani mawu awiri okha. Bambo ali bwanji? Ndipo ndikufunsanso, mudzandikhululukira?

Andor

Budapest, 28 Malichi 1945

Andor mlongo wanga,

Ndili moyo. Makalata ako atatu ndinawapeza kwa anthu a bungwe lothandiza ovutika, ndipo iyi anyamula ndi iwo.

Bambo anamwalira pa 9 Januwale, kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti mpanda umene anatitsekeramo ugwetsedwe. Sanawomberedwe. Kunali kuzizira ndi njala, munthu amene anadyetsa msewu wonse zaka makumi asanu. Mwa anthu khumi ndi anayi aja ndaonako asanu. Kamwana kaja kalipo, kayamba kukwawa. Mphunzitsi wako palibe.

Ukufunsa ngati ndidzakukhululukira. Ndilibe mphamvu zokwiyira munthu, Andor, ngakhale zomukhululukira. Masiku ena ndimaganiza kuti chikwangwani chikanakhalapo akanakhala moyo, masiku ena ndimakumbukira nyumba zina za zikwangwani zimene analowamo ndithu. Sindidziwa, ndipo sitidzadziwa. Koma bambo anandituma mawu. Anati, "Ukamuuze Andor kuti anachita zimene ndinamutuma. Wosawerenga pepala ndine."

Ndabwerera kunyumba. Mawindo palibe, chitseko cha chipinda chophikira anachiwotcha ngati nkhuni, koma uvuni wa agogo uli chiimire. Madzulo ano Pasaka ikuyamba. Dzulo ndinayatsa kandulo, ndinatenga nthenga, n'kuyamba kufunafuna nyenyeswa m'makona monga bambo ankachitira. Ukudziwa kuti timayamba tabisa tizidutswa khumi ta buledi kuti dalitso lisapite pachabe. Ndinalibe choti ndibise. Ndinasesa nyumba ya buledi yonse, pansi ndi pamwamba, osapeza nyenyeswa ngakhale imodzi. Uwauze a Zuleta kuti chaka chino asavutike, tilibe chogulitsa.

Powasambitsa bambo tinapeza pengo imodzi yosokeredwa m'kati mwa jekete, kuseri kwa nyenyezi. Anasoka okha, ulusi wake wokhotakhota. Masiku ano singagule ngakhale machesi. Ndaiika mu envelopu muno.

Chikondwerero chikatha upite kwa a Zuleta. Ukawauze kuti Ármin wakutuma. Ukawapatse ndalamayi, ukalandire kiyi, ukagwirane nawo chanza, ndipo vinyo agule ndi iwo. Ukatero ubwere kwanu. Chitseko ndidzakhala nditaika china, koma loko ndasunga yomwe ija.

Mlongo wako,
Aranka